Tsiku Lomwe Tinaperekeza Kapandamthunzi

Ndikukumbukira chaka chomwe mpheta zinachuluka m'dambo la kwathu kwa Malenga Chanzi, mpaka amayi anatiimitsa sukulu kuti tizikalinda mpunga. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kumundako tinkapita atatu: ine Hawa, mlongo wanga wamng'ono Juma amene mano akutsogolo anali atangomuguluka, ndi achimwene athu aakulu, a Selemani, omwe ndevu zinali zitayamba kuwamera.

A Selemani ndi ife tinali a mimba imodzi koma abambo osiyana. Bambo awo anapita kukagwira ntchito ku Halale iwo akadali kumsana, ndipo sanabwerenso. Patapita zaka amayi anakwatiwa ndi bambo anga, msodzi. Bambo angawo sankawasala achimwene ayi, anayesetsa ndithu kuwaphunzitsa za ukonde, koma iwo akangoponda m'bwato mutu unkazungulira, n'kuyamba kusanza. Mnyamata wobadwira kunyanja koma wolephera kukwera bwato anzake amamuseka, choncho achimwene anazolowera kukhala kumtunda ndi ife ana.

Kulinda mpunga ndi ntchito yotopetsa mmero. Tinkafika mame asanakamuke, n'kukwera pa nsanja, kukoka zingwe zomangirira zitini, kukuwa mpaka mawu kusasa. Koma dzuwa likafika paliwombo mbalame nazo zinkakabisala m'mabango, ndipo imeneyo ndiyo inali nthawi ya masewera omwe achimwene anapeka okha. Dzina analibe. Tinkangoti, "Tiyeni ku dziko."

Dzikolo linali pansi pa mkuyu, kumapeto kwa munda, pamalo pomwe achimwene anasesa bwinobwino. Miyala inali mapiri. Zigoba za nkhono zinali midzi. Njira zochokera mudzi wina kupita wina anazilemba ndi phulusa, timizere toyera tokhotakhota. Aliyense wa ife anali ndi munthu wake woumba ndi dongo. Wanga anali Namusi, mayi wamphamvu woyenda ndi musi paphewa. Wa Juma anali Kambuzi, msodzi wamfupi wokhala ndi bwato la chigoba cha mlambe. Achimwene analibe munthu mmodzi, iwo anali zonse zotsala: mvula, ng'ona, ogulitsa mchere, agalu a m'njira. Amayi atamva za zoumbazi anangoti, "Zidole zanuzo zizithera komweko. M'nyumba mwanga muno timaswali." Ndiye madzulo tinkazivundikira ndi phale tisanabwerere.

Kaseweredwe kake kanali kotere. Achimwene ankanena pomwe tafika ndi chomwe chatigwera, kenako n'kufunsa kuti tichita chiyani. Ukanena, unkaponya njere zinayi za bwemba zomwe anazipala mbali imodzi pa mwala mpaka kuyera. Zoyera zikachuluka, zomwe wanenazo zachitika. Zakuda zikachuluka, walephera, udikire tsoka. Zikagwa ziwiri zoyera ziwiri zakuda, zachitika ndithu, koma pali chomwe utayepo. Ndipo achimwene sankatsutsana ndi njere, ngakhale zitawasokonezera nkhani.

Tsiku lina anati, "Mwafika pamtsinje. Mlatho wathyoka, ng'ona yayasamula. Muchita chiyani?"

"Ndiimenya ndi musi pamphuno," ndinatero. Njere zinagwa zakuda, ng'ona inandilanda mpango.

Juma anaganiza kaye chala chili m'mphuno, n'kunena kuti, "Ine ndiiuza kuti amayi ake akuiitana."

Anaponya, zonse zoyera. Achimwene anagwira mutu, koma ng'ona ija inapepesa ndithu n'kuthamangira kwawo.

Mwini zoipa zonse m'dzikomo anali Kapandamthunzi. Achimwene anamuumba wamkulu kuposa anthu athu, mbali ina yakuda bii ndi makala, mbali ina yotuwa ndi phulusa, diso limodzi kanjere kofiira. Amayi ake anali munthu ngati ife, mayi woviika chinangwa m'mphepete mwa nyanja. Bambo ake anali mzimu wa mphepo ya mwera, womwe unadutsa chaka china n'kupitirira kutsidya kwa nyanja. Choncho iye anabadwa theka munthu theka mzimu. Mkondo sunkamupha chifukwa cha mbali ya bambo ake, mankhwala othamangitsira mizimu sankamugwira chifukwa cha mbali ya amayi ake, ndipo akaima padzuwa pansi sipankaoneka mthunzi.

Chakudya chake chinali njira. Akamva njala ankagwada, n'kuyamba kumeza njira ngati mmene nkhuku imamezera nyongolotsi. Achimwene ankachita izi ndi chala chachikulu, kufufuta mzere wa phulusa pang'onopang'ono ife tikuona. Amene anali paulendo sankapezanso kwawo. Amene anali pamudzi sankatha kutuluka, mchere unkawathera, moto ukazima kunalibe kokapala, mpaka mudzi wonse kufa. Ukafa, chigoba cha nkhono chija ankachitola n'kuchiponya m'madzi. Polankhula mawu a Kapandamthunzi, achimwene ankaika pakamwa chitini chopanda kanthu, mawu n'kumatuluka akulu, onjenjemera. Juma ankabisala kumbuyo kwanga, koma akasiya ankati, "Chitaninso."

Ulendo wa Namusi ndi Kambuzi unali wokafika kuphanga kwake, kuseri kwa mwala waukulu, n'kukamugonjetsa. Mmene tikamugonjetsere sitinkadziwa. Tikafunsa, achimwene ankati tikaona komweko.

Mpunga utayamba kuweramitsa ngala, tsiku lina amayi anandituma kukawathandiza kuvuula chinangwa padziwe. Ndili chowerama m'madzi onunkha aja, achimwene anafika n'kukhala pa tsinde. Anayamba kulankhula ndi amayi motsitsa, poyesa kuti ine sindikumva. Anati Che Amidu a ku Benga, omwe anabwera kutchuthi kuchokera ku Halale, anawaona bambo awo ndi maso, ali moyo, akugwira ntchito pa famu ya fodya. Che Amiduwo abwerera mpunga ukamwetedwa, ndipo avomera kupita nawo.

Amayi anapitiriza kusenda chinangwa osadzutsa mutu. Kenako anati, "Ukakawapeza ukawauza chiyani?"

"Sindikudziwa, amayi. Ndikufuna ndikangowaona nkhope. Anthu amati ndinatengera iwo kuyenda, ine sindidziwa kuti amayenda bwanji."

Amayi sanakane. Chimenecho ndicho chinandiopsa.

M'mawa mwake pa nsanja sindinakoke chingwe. Mpheta zinatera mwaufulu, ine manja ali m'khwapa. Achimwene atandifunsa chomwe chandiluma, ndinawauza kuti ndinamva zonse.

"Makutu ngati lichero," anatero akuseka, koma ataona kuti misozi yalengeza anasiya. "Hawa, tamvera. Sindingachoke Kapandamthunzi asanagonje. Ndingakusiyeni naye bwanji munthu woipa chonchi?"

"Mukunena zoona?"

"Wallahi."

Mawu amenewo, olumbira pa dzina la Mulungu, kwathu sankatchulidwa mwamasewera. Ndinawatola n'kuwasunga, ndipo pofika masana ndinali nditapeza nzeru yanga. Ngati achimwene sangachoke chilombocho chisanagonje, ndiye kuti chisagonje basi.

Tinali titatsala pang'ono kufika pa mwala waukulu. Achimwene atafunsa kuti tichita chiyani, ndinati Namusi waiwala chipande kumudzi, abwerere akatenge. Anandiyang'ana, koma anati ndiponye, ndipo tinabwerera. Mawa lake Namusi analasidwa ndi minga. Tsiku lina anamva kuti kuli ukwati kumudzi wa kumapiri, sangalephere kupita. Juma anayamba kudandaula kuti iye akufuna nkhondo, ndiye ndinamutengera kuseri kwa nsanja n'kumupatsa gawo langa la chinangwa chootcha.

"Kambuzi anene kuti m'mimba mukumupweteka," ndinamuuza.

"Simukumupweteka."

"Idya chinangwacho, mumupweteka."

Kwa masiku ambiri ndinkaswera ndi njala, Kambuzi akudwala matenda osiyanasiyana. Achimwene sanatikalipire ngakhale kamodzi. Chomwe ndanena ankachilandira, njere n'kuweruza. Koma tsiku lililonse lomwe ife tazungulira, chala chawo chinkafufuta mzere wina wa phulusa. Mudzi womwe unatipatsa malo ogona mvula itatigwera unafa. Mudzi wa mayi wina wogulitsa mchere, yemwe achimwene ankamulankhulitsa ngati ali ndi chimfine ife n'kumaseka mpaka kugubuduka, nawonso unafa. Chigoba chake chitagwera m'madzi Juma analira, ine ndinayang'ana kumbali. Ndinkadziuza kuti ndi zigoba chabe.

Mpunga unamwetedwa, unamenyedwa, matumba anapita kunyumba. Kudambo kunatsala ziputu ndi ng'ombe za anthu. Kulinda kunatha, sukulu tinayambanso, koma tikaweruka achimwene ankatidikira panjira n'kunena kuti, "Tiyeni ku dziko." Kunyumba chikwama chomwe amayi anawabwerekera chinali pakona, chopanda kanthu. Ndinkachisuzumira tsiku ndi tsiku, mtima n'kukhala pansi.

Kenako linafika tsiku lomwe sindidzaiwala. Kunkaomba mwera, masamba a mkuyu akugwera m'dziko mwathu. Midzi inali itatsala iwiri yokha, ndi kanjira kamodzi pakati pake. Achimwene anafunsa monga mwa masiku onse, ine n'kunena kuti Namusi watopa, agona kaye.

Sanati ndiponye. Anatambasula dzanja, n'kutenga Kapandamthunzi kuseri kwa mwala, n'kumuimika pafupi ndi Namusi. Sanachitepo zimenezo chiyambire. Kenako anaika chitini pakamwa.

"Moni, Namusi. Ndabwera ndekha, poti iwe kubwera kwathu ukuchita ulesi. Usaope, sindinabwerere nkhondo. Ndabwera kudzathokoza."

"Kuthokoza chiyani?" ndinafunsa.

"Wandidyetsa bwino chaka chino. Taona mimbayi. Ine ndimayesa kuti wodziwa kutsekera anthu njira ndine ndekha, koma iwe wandiposa. Ine ndimachita kugwada n'kumeza, iwe umangogona. Bwera tizikhala limodzi, ndiwe m'bale wanga."

Ndinakankha chitini chija, chinagubuduka mpaka muziputu.

"Munalonjeza!" ndinakuwa.

Achimwene anayankha ndi mawu awo enieni, ofatsa. "Ndinalonjeza, n'chifukwa chake ndili pano. Che Amidu akwera basi mkucha. Ndawauza kuti mwina apita okha."

"Ndiye mudzapita ndi ndani?"

"Palibe wina wodziwa famuyo."

Anatola kamtengo n'kumakanda pansi. Sanandinyengerere, sanandiopseze. Ndinaona kuti ndikangoti Namusi agonebe, iwo akhaladi, ndipo adzakhala akusesa pansi pa mkuyu, akusekedwa ndi anzawo a m'mabwato, osadziwa nkhope ya bambo awo. Zonsezo zinali m'manja mwanga, mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo zinkalemera kuposa mtolo wa nkhuni zaziwisi.

Amene anatithandiza ndi Juma. Iye za Che Amidu sankazimvetsa, ankangoona kuti chilombo chaima pafupi ndi Kambuzi wake. Anakatola chitini chija, n'kuwapatsa achimwene, kenako anagwada mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda chidolecho.

"Iwe Kapandamthunzi," anatero, malovu akutuluka pa mpata wa mano, "kodi umadyeranji njira? Nsomba suzidziwa?"

Achimwene anaseka pang'ono, kenako anatembenuzatembenuza chitini m'manja n'kuchiika pakamwa. Ndikhulupirira kuti yankho lake analipeza pomwepo.

"Palibe anandifunsapo zimenezo," chinatero chitini. "Ndimafuna njira yopita kwa bambo anga. Iliyonse ndimailawa, ndikaona kuti si imeneyo ndameza kale. Kwawo ndi kutsidya kwa madzi. Kuuluka ngati iwo sindingathe, ndine theka munthu. Ndipo munthu sachoka pamudzi yekha ngati wakuba, amafuna womuperekeza. Nanga ndani angaperekeze ine?"

Mphepo inkaomba, phulusa la kanjira kotsala kaja likuuluka pang'onopang'ono. Juma anandiyang'ana. Achimwene sanandiyang'ane.

"Namusi amuperekeza," ndinatero.

"Ponya."

Njere zinali zofunda m'manja mwanga. Ndinazigwedeza nthawi yaitali, mumtima ndikupempha zinthu ziwiri zosiyana. Zinagwa ziwiri zoyera, ziwiri zakuda.

"Zatheka," anatero achimwene, "koma pali chotaya. Awolokera pa bwato la Kambuzi, ndipo bwatolo silibwerera."

Juma anayamba kutsutsa kuti bwato ndi lake, analisema yekha, ngakhale tonse tinkadziwa kuti anangolitola. Ndinamulonjeza mlambe wina waukulu kuposa uwo. Achimwene anapita pomwe tinkaotchera chinangwa, n'kutapa phulusa lodzaza dzanja. Anati Kapandamthunzi asanakwere wasanza njira zonse zomwe anameza, ndipo anazilembanso imodziimodzi, ngakhale zopita komwe midzi inafa. Ndinafunsa ngati mayi wa mchere uja abwerere. Anapukusa mutu.

Tinanyamula chidolecho kupita ku kamtsinje kodutsa m'dambo kupita kunyanja. Ine ndinachigoneka m'chigoba cha mlambe, Juma anaikamo kachidutswa ka chinangwa kuti akadye m'njira. Nditachikankha ndinafuna kubwerera, koma achimwene anati ayi, woperekeza amayenda naye mlendo mpaka pokhota njira. Choncho tinayenda m'mbali mwa madzi, matope akulowa m'zala, bwato likuzungulirazungulira, kanjere kofiira kaja kakutiyang'ana kenako n'kutifulatira. Pomwe kamtsinje kanalowa m'mabango tinaima. Mabango anagwedera pang'ono, basi.

Tsiku lotsatira amayi anachapa malaya awo awiri, anawakazingira mpunga watsopano, anawamangira utaka wouma. Khadi la chipani anawasokera m'thumba la m'kati, poti popanda ilo pa basi sakanakwera. Bambo anga anawapatsa jekete lawo lokhalo, n'kupita kunyanja msanga kuti asaoneke nkhope.

M'mawa wa ulendo chikwama ndinasenza ndine. Achimwene anafuna kundilandira kangapo, ndinakana. Kuchokera kwathu kukafika kumsewu ndi mtunda ndithu, khosi linauma, koma sindinatule mpaka pomwe Che Amidu anaima ndi katundu wawo. Basi itafika achimwene anagwada pamaso pa amayi, anapukuta Juma mamina ndi dzanja, kenako anandigwira pamutu pomwe panali nkhata.

"Namusi," anatero, "wandifikitsa."

Tinaima mpaka fumbi litatha.

Pobwerera amayi anayenda patsogolo. Titafika pakati pa minda ya chinangwa anaima ngati akukonza nsalu, n'kunena, osati kwa ife kwenikweni, "Bambo ake a Selemani anachoka ngati akupita ku Benga kukagulitsa nsomba. Ndinawasungira chakudya mpaka chinasasa. Ndinachita kumva kwa anthu kuti anawaona pa lole." Anamanga nsalu ija n'kupitiriza kuyenda. Aka kanali koyamba ndi komaliza kuwamva akutchula nkhaniyi.

Ku dziko tinapitako kangapo ine ndi Juma, koma ndinalibe mutu wopeka ng'ona ndi ogulitsa mchere, ndipo mvula yoyamba inafafaniza zonse. Uthenga wa achimwene unkabwera ndi anthu obwera kutchuthi. Wina anati achimwene anawapeza bambo awo, okalamba, ali ndi banja lina, ndipo anawalandira. Wina anati akugwira ntchito pa famu yomweyo ndipo ana a pamenepo sawachoka. Nkhondo itavuta kumeneko anthu anasiya kubwera, uthenga nawo unaduka. Mpaka lero sitinamvenso kanthu.

Tsopano ndili ndi ana awiri. Bambo awo amadula nzimbe ku Dwangwa, amabwera mwezi ukatha n'kugona masiku ochepa. Wamkulu, mtsikana wa zaka zinayi, akangoona chikwama chikumangidwa amayamba kulira, kugwira mwendo, nthawi zina kubisa nsapato. Anzanga amandiuza kuti ndizimutuma kwa anansi, bamboyo azichoka mwana asakuona, kulira kuchepe. N'zoona, kungachepe, ndipo basi ya m'mawa sangaiphonye. Koma ine ndimakana. Ndimamuuza dzulo lake kuti mawa ababa apita. M'mawa ndimakhala naye pansi, alire mpaka atope, atulutse yekha nsapato komwe wabisa. Kenako ndimamusenzetsa kabotolo ka madzi a bambo ake, n'kuyenda nawo mpaka kumsewu. Pobwerera amakhala chete, koma usiku amagona, sadzuka kukasuzumira pakhomo.

Ndili mwana ndinkayesa kuti kukonda munthu ndi kumugwira kuti asapite. Achimwene akanatha kundinamiza, akanatha kuzemba m'bandakucha monga anachitira bambo awo. M'malo mwake anaika ulendo wawo wonse m'manja mwanga, n'kudikira kuti ndiwamasule ndekha. Ndimawasowa kwambiri, makamaka nyengo ya mpunga ikafika. Sindidziwa ngati ali moyo, sindidziwa ngati akadali ndi mawu aja a m'chitini. Koma sindinakhalepo ndi tsiku lowayesa munthu wotithawa. Mwana wanga akandifunsa kuti amalume ake omwe ndimawatchulawo ali kuti, ndimamuyankha mosachita manyazi kuti ali paulendo, ndipo ndinawaperekeza ndine.